Sandama, Kumene Thyolo Imathera mu Ruo

(NYIMBO YOTSEGULIRA. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Yakwananso nthawi yoti tiyendere limodzi malo a dziko lathu lino. Lero tili m'boma la Thyolo. Ndikangotchula Thyolo ndikudziwa chimene chabwera m'maso mwanu: minda ya tiyi yoti mbee, amayi ndi abambo madengu kumsana, utsi wa fakitale ukukwera m'mamawa. Koma lero tiyiyo tingomudutsa. Tikutsetsereka kuseri kwake, kukafika pa Sandama, kamudzi ka m'mphepete mwa mtsinje wa Ruo, pamalire a Malawi ndi Mozambique. Ana a sukulu amene muli ndi mapu pafupi, atambasuleni tionere limodzi.

Ikani chala pa Limbe. Tsatirani mzere wa njanji umene ukulowera kummwera chakum'mawa. Mudutsa Nansadi, mufika pa Luchenza, kenako Khonjeni. Mukapitirira, muona njanji ija ikuyenda moyandikana ndi mtsinje wa Thuchila. Musachotse chala. Pamene Thuchila akukathira madzi ake mu Ruo, yang'anani chapafupi pomwepo: ndiye Sandama ameneyo. Kuchokera ku Limbe pa njanji ndi mtunda wa makilomita ngati 72.

Tsono taimani pamenepo muunguze. Kumpoto chakum'mawa kuli phiri la Mulanje, kumene Ruo amachokera. Kuzambwe kuli zitunda za Thyolo, zokwera mpaka ku Makwasa ndi kuboma. Kummwera, mukatsata mtsinje, mukafika ku Thekerani, Sankhulani, Makhanga, mpaka ku Chiromo kumene Ruo amakalowa mu Shire. Nanga kum'mawa? Kum'mawa mukangooloka madziwo mwalowa m'chigawo cha Zambezia, dziko la Mozambique. Munthu wa tsidya lija akamaitana mbuzi zake, wa tsidya lino amamva.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Tiyeni tsopano tipinde mapu, tiyende ndi miyendo yathu. Amene akuchokera ku Thyolo boma amatenga msewu wa ku Makwasa. Uku ndi kumtunda, kozizira, dothi lake lofiira. Mbali zonse ziwiri ndi maesiteti. Tiyi m'boma lino anayamba kudzalidwa cha m'ma 1908, atayamba kale ku Mulanje, ndipo esiteti ngati ya Satemwa inatsegulidwa mu 1923. Pa Makwasa pali mishoni ya Malamulo, ya mpingo wa Seventh-day Adventist, imene inayamba mu 1902, ndipo chipatala chake n'chodziwika dziko lonse.

Mukasiya phula n'kukhotera kum'mawa, dziko limasintha musanayende mtunda wautali. Mizere yowongoka ya tiyi imatha. Kumayamba timinda ting'onoting'ono tokakamira m'mapiri, chimanga chosakaniza ndi nandolo, chinangwa m'malire, apa mango, apo mapeyala. Nyumba zamangidwa pamsana pa zitunda chifukwa malo athyathyathya kulibe. Msewu umangotsika, kukhota, kutsikanso. Jekete imene munavala pa Makwasa mumaivula panjira. Wa kabaza ya njinga yamoto amene wakunyamulani amayendera mabuleki njira yonse, ndipo m'dzinja dothi lofiira lija likanyowa amakuuzani kuti, "Tsikani kaye bwana, tikumana kumunsi uko."

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchione bwino pa ulendo wotsikawu. N'chifukwa chiyani anthu akulima pamalo otsetsereka chonchi, pamene khasu ukaliika pansi likhoza kugubuduzika lokha? Yankho lili m'mbuyo mwathu, kumene tachokera. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma la Thyolo, boma la masikweya kilomita ngati 1,700. Ndiye kuti pa sikweya kilomita iliyonse pali anthu oposa 400, ndipo chiwerengero chimenecho chawerengera ndi malo a maesiteti omwe, amene munthu wamba sangalimepo. Malo abwino a kumtunda anagwidwa ndi atsamunda kalekale, m'ma 1890. Anthu otsalawo anakankhikira m'mapiri ndi m'zigwa zoyang'ana ku Ruo. Choncho mukaona munda uli chopendekeka kumtunda kwa Sandama, musafulumire kunena kuti mwini wake sadziwa ulimi. Alibe kwina.

Ndipo tiyi amene wawakankhayo, mvula yake imachokera kutsidya. Tonse timadziwa chiperoni, nyengo ija ya mitambo, mawawa ndi chisanu, imene imabwera m'miyezi yozizira. Mphepo yake imachokera kunyanja ya mchere ya India, kudutsa pa phiri la Chiperone ku Mozambique, n'kudzagunda zitunda za Thyolo ndi Mulanje. Chinyontho chimenecho ndi chimene chimasunga tiyi wobiriwira mvula ikaleka. Munthu wa pa Sandama amaiona mitamboyo ikumudutsa pamutu, ikupita kukanyowetsa maesiteti.

(PHOKOSO LA MADZI A MTSINJE)

WOULUTSA: Tafika pa Ruo. Mwa mitsinje yonse yothira mu Shire, waukulu ndi umenewu. Umayambira pamwamba pa phiri la Mulanje, n'kutsika kudutsa m'minda ya tiyi ya ku Mulanje. Ukakumana ndi mtsinje wa Muloza, kuyambira pamenepo umasanduka malire, mtunda wa makilomita ngati 80 mpaka ku Chiromo. Pofika pa Sandama umalandira Thuchila, amene wasonkhanitsa madzi a ku chigwa cha Phalombe, a ku Chiradzulu ndi a kum'mawa kwa Thyolo. Taganizani: mvula yogwa kutali konseko, njira yake yotulukira ndi pakhomo pa anthu a pa Sandama. Mfundo imeneyi muisunge.

Kumunsi kwa Sandama kuli mathithi a Zoa. Apa mtsinje wonse umagwa pathanthwe kutalika kwake mamita ngati 60. Amalawi ambiri anamvapo za mathithi a Kapichira, ena anakafikako ku Manchewe ku Livingstonia, koma a Zoa amawadziwa ndi ochepa, pamene ali m'gulu la mathithi akuluakulu m'dziko muno. Chifukwa chake n'chosavuta: kufikako ndi ntchito. Mathithiwa ali ndi phunziro lina kwa ana a sayansi. Nsomba za ku Zambezi zimakwera mu Shire, n'kulowa mu Ruo, koma zikafika pa Zoa zimabwerera, sizingalumphe thanthwe lija. N'chifukwa chake mitundu ina ya nsomba imene asodzi amagwira kumunsi kwa mathithi simungaipeze kumtunda kwake. Mu mtsinje umenewu nsomba zimaoloka kuchoka ku Malawi kupita ku Mozambique mmene zifunira, koma kuchoka kumunsi kupita kumtunda ayi. Anthu a m'derali nawonso, mukaonetsetsa, vuto lawo n'lomwelo. Kuoloka mtsinje n'kosavuta kusiyana ndi kukwera chitunda.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Kodi anaika malire pa Ruo ndani? Sanali mafumu a Amang'anja amene ankakhala m'mbali zonse ziwiri za mtsinjewu. Nkhani yake ili motere. M'ma 1880 Angerezi ndi Apwitikizi ankalimbirana mapiri a Shire. Amishoni a ku Scotland anali atakhazikika ku Blantyre kuyambira 1876, pamene Apwitikizi ankati dera lonseli ndi lawo chifukwa akhala pa Zambezi zaka mazanamazana. Mu 1889 msilikali wachipwitikizi, Serpa Pinto, anakwera ndi Shire ali ndi gulu la anthu a mfuti, nalimbana ndi Amakololo, aja anabwera ndi David Livingstone n'kusanduka mafumu ku chigwa cha Shire. John Buchanan, amene ankaimira boma la Britain, analengeza kuti dera la kumpoto kwa Ruo lili m'manja mwa Angerezi. Pa 11 Januwale 1890 boma la Britain linalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake, ndipo Portugal inagonja. Pangano la malire linasainidwa pa 11 Juni 1891. Panganolo linati malire adzatsata pakati pa mtsinje wa Ruo mpaka pamene ukumana ndi Shire.

Pakati pa mtsinje, omvera. Ndiye kuti mayi amene akuchapa tsidya lino ali ku Malawi, mchemwali wake amene akutsuka miphika tsidya lija ali ku Mozambique, ndipo mwana amene akusambira pakati sitikudziwa kuti tinene ali kuti. Anthu amene anasaina pepala limenelo ku Lisbon sanafunse aliyense wa m'mbali mwa Ruo.

Malirewo atangoikidwa, anthu anayamba kuwaoloka mwaunyinji. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alhomwe ochokera ku Mozambique anakhamukira tsidya lino, kuthawa msonkho, chikoti ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Azungu a maesiteti anawalandira ndi manja awiri, osati chifukwa cha chifundo, koma chifukwa ankasowa antchito. Mlendo uja ankapatsidwa kamalo komanga nyumba ndi kolima, iye n'kumalipira ndi thukuta lake. Imeneyo ndiyo thangata, imene inatha mu 1962. Lero Alhomwe ndiwo ochuluka m'boma la Thyolo. Mukadya kalongonda m'mudzi wa kuno, kapena nsima ya makaka, mukudya chakudya chimene tsidya lija akudyanso tsiku lomwelo. Mayina a mabanja ndi amodzi. Maliro akagwa uku, olira amachokera uko.

Kenako kunabwera nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, pakati pa Frelimo ndi Renamo, kuyambira 1977 mpaka pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Chigawo cha Zambezia chinali chimodzi mwa zimene zinavutika koopsa. Dziko la Malawi linasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. Ambiri timakumbukira misasa ikuluikulu ya ku Nsanje, Mulanje ndi Mwanza, koma m'midzi ya m'malire ochuluka sanalowe mumsasa. Anangofikira kwa amalume, kwa azakhali, kwa apongozi. Mudzi wopanda malo unagawana kochepa komweko ndi alendo. Nkhondo itatha ambiri anabwerera, ena anatsala chifukwa anali atakwatira, ndipo ubale unangowonjezeka.

(PHOKOSO LA ANTHU PADOKO, NKHAFI M'MADZI)

WOULUTSA: Tiyeni tiime padoko m'mawa wa tsiku la msika. Bwato ndi logoba pamtengo umodzi. Mwini bwato waima kumbuyo, ndipo sawolotsa molunjika ayi. Amayamba wakwera chakumtunda m'mphepete momwe madzi ali ofooka, kenako n'kulola mtsinje kuti ulikankhe bwatolo chopingasa mpaka likagunde doko la tsidya lina. Okwera amakhala chonjuta, mmodzi kumbuyo kwa mnzake, ndipo amauzidwa kuti asagwire m'mbali. Njinga imagonekedwa chopingasa kutsogolo. Matumba a chimanga amaikidwa pansi penipeni kuti bwato lisapendeke. Kuchokera tsidya lija kumabwera chimanga, nandolo, makaka, nkhuku, mbuzi. Kuchokera tsidya lino kumapita sopo, shuga, mchere, zovala za kaunjika, ziwiya za pulasitiki. Ndalama zonse ziwiri, kwacha ndi metikashi, anthu amazidziwa mtengo wake popanda kufunsa ku banki. Ngakhale foni ya m'manja imasokonezeka m'madera ngati amenewa: ili m'thumba ku Malawi, koma yagwira netiweki ya ku Mozambique.

M'bwato lobwerera madzulo mumakhala anthu amene agwira makasu. Amenewa ndi Amalawi olima tsidya lija, kumene malo akadalipo. Ena amachita kubwereka munda, ena amalima wa makolo awo. M'chaka cha njala, chimanga chimene chimapulumutsa midzi yambiri ya Thyolo ndi Mulanje chimakhala chitaoloka Ruo kapena Muloza pa bwato ndi pa njinga. Mbali inayi, odwala ndi amayi oyembekezera a tsidya lija amaolokera kuno kufuna chipatala chapafupi.

Apa ndichenjeze, poti wailesi imamveka kutali. Chipata chovomerezeka cha m'dera lino ndi cha ku Muloza, m'boma la Mulanje, moyang'anana ndi tauni ya Milange. Amene muli pa ulendo weniweni, kapena muli ndi katundu wa malonda, dzerani kumeneko ndi zikalata zanu. Tsidya lija ndi dziko la eni, lili ndi malamulo ake ndi apolisi ake, ndipo kulankhula chinenero chimodzi sikukutetezani mukagwidwa mulibe pepala. Koma kunena zoona, gogo amene akupita kukalira maliro a mlongo wake pamudzi umene akuuona ndi maso, simungamuuze kuti azungulire ku Muloza. Maboma awiriwa amadziwa zimenezi, ndipo mafumu a mbali zonse ziwiri ndiwo amathetsa milandu yambiri ya mbuzi zosochera ndi mabanja osokonekera.

(KULIRA KWA SITIMA YA PAMTUNDA)

WOULUTSA: Tsopano njanji. Popanda njanji, dzina la Sandama silikanalembedwa pa mapu ambiri. Kale katundu yense wolowa m'dziko muno ankabwera pa sitima za pamadzi kudzera mu Zambezi ndi Shire, kenako amtengatenga n'kumusenza pamutu kukwera naye ku Blantyre. Njanji ya Shire Highlands Railway inamangidwa kuti ithetse zimenezo. Inatsegulidwa mu 1908, kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, kukafika ku Blantyre. Vuto la omanga linali limodzi. Chiromo ali pansi, mamita osafika 100 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene Limbe ali pamwamba, mamita oposa 1,000. Sitima sikwera phiri molunjika. Ndiye anayang'ana njira imene madzi anakumba kale: kutsata Ruo kuchokera ku Chiromo mpaka pa Sandama, kenako kusiya Ruo n'kutsata chigwa cha Thuchila kukwera ku Luchenza. Sandama ali pokhotera penipeni.

Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935, sitima inayamba kuyenda kuchokera ku doko la Beira mpaka ku Blantyre osatsitsa katundu panjira. Taganizani tsono. Tiyi wopita ku London, fodya, makina, makalata, anyamata opita ku Joni ndi ku Harare kukafuna ntchito, zonsezo zinkadutsa pa kasiteshoni ka m'malire kameneka. Kwa zaka zambiri khomo lalikulu la dziko lino linali kuno. Anthu a ku Lilongwe amene lero amati kuno ndi kumathero a dziko, agogo awo mchere ankaulandira utadzera pa Sandama.

Zinthu zinatembenuka pang'onopang'ono. Mu 1970 kunatsegulidwa njanji ya ku Nacala. M'ma 1980 nkhondo ija inadula njira ya ku Beira. Mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji pakati pa Makhanga ndi Bangula, ndipo sitima yochokera ku Limbe inayamba kuthera pa Makhanga. Komabe kwa anthu a m'chigwa cha Ruo, sitima ya anthu ija, ngakhale inkabwera mwa apo ndi apo, inali basi yawo, lole yawo, ndi msika wawo. Tsiku la sitima siteshoni inkadzaza: mikoko ya nthochi, matumba a nandolo, mizimbe, amayi okhala ndi malichero a zitumbuwa akuthamangira m'mawindo.

Nthochi ndazitchula dala. Thyolo inali nkhokwe ya nthochi ya dziko lino, makamaka madera a kummwera monga Thekerani ndi Molere. Nthochi zinkalipira fizi, zinkagula malata. Kenako kunabwera matenda a chisaka, aja masamba amapanana pamwamba, mtengo n'kupinimbira osabereka. Amafalitsidwa ndi nsabwe za m'nthochi ndiponso mphukira zodwala, ndipo mankhwala ake palibe koma kuzula phata lonse n'kudzala mbewu yoyera. Minda inatha. Zinafika poti m'misika ya ku Blantyre munadzaza nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique. Alangizi akhala akugawa mbewu yatsopano, ndipo alimi ena ayambiranso, koma amene muli ndi mapata akale odwala, musawasunge pambali pa atsopano. Mudzangobwezera matenda m'munda.

(PHOKOSO LA MVULA YAMPHAMVU)

WOULUTSA: Mu Januwale 2015 kunagwa mvula imene anthu a kummwera saiiwala. Madzi a pa Mulanje, a ku Phalombe ndi a m'zitunda za Thyolo anakumana onse mu Ruo. Njanji inaduka m'malo ambiri ndipo sitima ya ku Makhanga inaima. Kumunsi, mtsinje unasiya njira yake yakale n'kudzikumbira ina, kudutsa m'midzi ndi m'minda ya dera la Makhanga. Kampani ya njanji ya CEAR pambuyo pake inagwira ntchito yokonza chigawo cha Limbe mpaka Sandama, koma anamondwe sanapereke mpata: Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023.

Pa Sandama ndi midzi yozungulira, ngozi imabwera mbali ziwiri. Pansi mtsinje umakwera. Pamwamba zitunda zija zolimidwa mpaka pansonga, zopanda mitengo, zimagumuka. Dothi limene likanabereka chimanga limatsikira mu Ruo, n'kukakwirira mtsinje kumunsi, ndipo mtsinje wokwiririka ndi umene umasefukira msanga. Mlimi wa kumtunda kwa Sandama akataya nthaka, wa ku Makhanga amailandira m'nyumba mwake. N'chifukwa chake alangizi amalimbikira za akalozera, udzu wa vetiva ndi kusiya nsungwi ndi mitengo m'mbali mwa mitsinje. Ine ndimaonjezera kuti malangizo okha sakwana kwa munthu amene munda wake wonse ndi theka la ekala. Nkhani ya malo m'boma la Thyolo ikapanda kukambidwa moona mtima, phiri lipitiriza kulimidwa.

Ndipo msewu ukaduka, njanji n'kuima, taonani amene amavutika. Feteleza amafika mochedwa ndi modula. Nandolo amagulidwa motchipa chifukwa wogula akuwerengera mayendedwe. Mphunzitsi kapena namwino akatumizidwa kuno amayamba kulemba kalata yopempha kusamuka asanamasule n'komwe katundu. Wodwala amanyamulidwa pa machira kukwera chitunda. Pa masiku otero, munthu wa pa Sandama amafika msanga ku Mozambique kusiyana ndi ku boma lake lomwe.

Ana a sukulu, ntchito yanu ya sabata ino nayi. Jambulani mtsinje wa Ruo kuchokera pa phiri la Mulanje mpaka ku Chiromo. Muikepo Muloza, Thuchila, Sandama ndi mathithi a Zoa, ndipo mulembe njanji ndi mzere wa mtundu wina. Mukatero mukambirane ndi aphunzitsi anu funso ili: pangano la 1891 linati malire ndi pakati pa mtsinje. Nanga mtsinje ukasamuka, monga unachitira mu 2015, munda umene watsala tsidya lina ndi wa dziko liti, ndipo anganene zimenezo ndani? Mayankho anu tidzawawerenga m'pulogalamu ikubwerayi.

(NYIMBO YOTSEKERA)